Mwana wa Miyendo Yaifupi: Zimene Ofufuza Apeza ndi Zimene Ife Tingachite

Tiyeni tiyambire pa mzere wa kusikelo. Aliyense wa ife amene anakhalako mu komboni ya Garden akudziwa m'mene zimakhalira m'mawa wa tsiku la sikelo: amayi afola ndi ana kumsana, makadi ali m'manja, nkhani zikuyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Tsono tiyerekeze kuti pa mzere umenewu pali mayi wina amene mwana wake wangokwanitsa chaka chimodzi. Mwanayo ndi wansangala, amayamwa bwino, phala amadya mpaka kunyambita supuni. Koma mutu wake ndi waukulu, chipumi ndi chotuluka, ndipo mikono ndi miyendo ndi yaifupi kwambiri. Anzake obadwa naye mwezi umodzi ayamba kale kuimirira atagwira mipando, pamene iye ngakhale kukhala pansi kukumuvutabe. Akamuyeza msinkhu, kadontho kake pa kadi kamagwera kunsi kwa mizere yonse.

Mayi wotere amabwerera kunyumba ali khuma. Pa mzere paja wina wamuuza kuti sakudyetsa mwana mokwanira. Kunyumba apongozi akuti kumtundu kwao kulibe munthu wotere, ndiye mkaziyo afotokoze bwino kumene anamutenga mwanayo. Anansi ena akunong'onezana za ufiti, ena akuti mwanayo anamusempha, enanso akuti mayiyo anaseka munthu wamfupi ali ndi pakati. Nkhani yotere ikhoza kugwedeza ukwati, ndipo choopsa koposa n'chakuti pamene akuluakulu akulozana zala, palibe amene akumvetsera m'mene mwanayo akupumira usiku.

Mwezi uno tafuna kuti tikambirane zimene madokotala ndi ofufuza apeza pa ana otere. Zina mwa izo ndi mankhwala atsopano amene mtengo wake ndi wosayambika kwa ife. Koma zina, zimenenso ndizo zikuluzikulu, sizilira ndalama, ndipo banja la ku Garden, ku Kanyama kapena ku Chawama likhoza kuyamba kuzitsata lero lomwe.

Dzina lake ndi maonekedwe ake

Madokotala amautcha mkhalidwe umenewu achondroplasia, dzina limene dokotala wa ku France, Jules Parrot, anayamba kuligwiritsa ntchito m'chaka cha 1878. Pali mitundu yoposa 400 ya mavuto a kakulidwe ka mafupa, ndipo pa imene imafupikitsa mikono ndi miyendo, umenewu ndiwo wofala koposa. Pa ana pafupifupi 25,000 obadwa, mmodzi amabadwa nawo, ndipo susankha mtundu, dziko kapena chuma. Popeza mu Zambia mumabadwa ana oposa 600,000 pa chaka, tikawerengera tokha tiona kuti chaka chilichonse tiyenera kulandira ana otere oposa 20. Akakula, amuna amafika pafupifupi masentimita 131, akazi pafupifupi masentimita 124. Nzeru zao ndi zofanana ndi za wina aliyense.

Tisasokoneze mkhalidwe umenewu ndi kupinimbira kobwera chifukwa chosowa zakudya. Kupinimbira ndi kofala pakati pathu: kafukufuku wa dziko lonse wa chaka cha 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osafika zaka zisanu anali opinimbira. N'chifukwa chake maganizo a anthu amathamangira ku chakudya akaona mwana wamfupi. Koma mwana wopinimbira amachepa thupi lonse mofanana. Mwana wa achondroplasia thunthu lake, kuyambira m'mapewa kufika m'chiuno, limakhala pafupifupi ngati la anzake. Chofupika ndi mikono ndi ntchafu. Zala ndi zazifupi, ndipo kawirikawiri pakati pa chala chapakati ndi chotsatira chake pamakhala mpata. Mphuno imalowa m'kati pakati pa maso. Dokotala wodziwa amazindikira pomuona mwanayo ndi pojambula mafupa ake pa X-ray.

Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika. Mwana wa achondroplasia mukamukakamiza phala lowirikiza kuti atalike, satalika. Amangonenepa, ndipo kunenepako kumalemetsa msana ndi miyendo imene ili kale pa ntchito yaikulu. Adye chakudya chakasinthasintha ngati mwana wina aliyense, alandire akatemera onse, koma asayesedwe ndi mizere ya pa kadi ya ana ena. Kuyambira m'chaka cha 1978, pamene William Horton ndi anzake ku America anafalitsa mizere ya kakulidwe ka ana a achondroplasia, madokotala ali ndi muyeso wapadera wa msinkhu ndi kukula kwa mutu wa ana amenewa. Makolo ali ndi ufulu wofunsa kuti mwana wao aziyezedwa ndi muyeso umenewu.

Mabuleki ogwira kwambiri

Kodi gwero lake n'chiyani? Tikamadya nkhuku yanthete, kumapeto kwa fupa timapeza kachigawo koyera kofewa kotafunika, chicherewecherewe. Mafupa aatali a mwana amakulira pamalo otere. Chicherewecherewe chimachuluka, kenaka n'kusanduka fupa, ndipo ntchito imeneyi imapitirira mpaka mwana atatha msinkhu, pamene malo okulirawo amatsekeka. Kuti mafupa asakule mopyola muyeso, thupi lili ndi mabuleki ake. Mabuleki amenewa amalamulidwa ndi limodzi mwa malangizo achibadwa amene tonse timalandira kwa makolo athu, amene asayansi amawatcha majini. Liwuli lisatisokoneze ndi majini a m'nkhani za mizimu. Pano tikunena za malangizo olembedwa m'thupi la munthu aliyense.

M'chaka cha 1994 magulu awiri a ofufuza, lina lotsogozedwa ndi John Wasmuth ku California, lina la ku Paris, anapeza kuti achondroplasia imachokera pa kusintha kwakung'ono mu jini limodzi lotchedwa FGFR3. Kusinthako kumachititsa kuti mabuleki aja azigwira kwambiri, monga njinga imene mabuleki ake amatirira ku tayala: imayenda ndithu, koma pang'onopang'ono. Chinadabwitsa ofufuzawo n'chakuti pafupifupi anthu onse a mkhalidwe umenewu, kulikonse kumene anabadwira, ali ndi kusintha kofanana, pamalo amodzimodzi.

Apa ndiye pali yankho kwa apongozi aja. Pa ana 100 a achondroplasia, pafupifupi 80 amabadwa kwa bambo ndi mayi a msinkhu wamba, m'mabanja m'mene simunaonekepo munthu wotere. Kusintha kuja kumachitika kokha, kwatsopano, mu mbewu imene inapanga mwanayo. Kale m'chaka cha 1955, Lionel Penrose wa ku England anaona kuti zimachitika kawirikawiri bambo akakhala wamkulupo zaka, ndipo ofufuza a pambuyo pake anatsimikiza kuti kusintha kwatsopanoko kumachokera mu mbewu ya bambo. Sitikunena izi kuti mlandu uchoke kwa mayi upite kwa bambo ayi. Palibe chimene bambo anadya, kumwa kapena kuchita chimene chinabweretsa zimenezi, ndipo palibe chimene akanachita kuti aziletse. Mlandu palibe. Mwanayo ndi wao onse awiri, ndipo mwayi woti makolo a msinkhu wamba aberekenso wina wotere ndi wochepa kwambiri.

Zimasiyana ngati kholo lenilenilo lili ndi achondroplasia. Mmodzi akakhala nayo, pa mimba iliyonse mwayi ndi theka kwa theka. Onse awiri akakhala nayo, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana atenge kusinthako mbali zonse ziwiri, ndipo mwana wotere kawirikawiri sakhala moyo nthawi yaitali. Achinyamata otere akafuna kumanga banja, ndi bwino akambirane ndi dokotala msanga. Mayi wa achondroplasia amabereka mwa opaleshoni chifukwa chiuno chake ndi chopapatiza, choncho ayambe sikelo ya amayi apakati mofulumira ndipo achilire kuchipatala chachikulu.

Zaka ziwiri zoyamba

Tsopano tafika pa chipatso chachikulu cha kafukufuku. Kunsi kwa chigaza kuli chibowo m'mene mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo kutsikira mumsana. Pafupi ndi pamenepo ndi pamene pamalamulidwa kupuma. Mwa ana a achondroplasia chibowo chimenechi ndi chopapatiza, ndipo mwa ena chimapana mtsemphawo. M'chaka cha 1987 Jacqueline Hecht ndi anzake ku America, atatsata mbiri ya anthu mazana angapo, anapeza kuti ana otere oposa 7 pa 100 anali pa ngozi yomwalira mwadzidzidzi asanakwanitse chaka. Madokotala atadziwa zimenezi anayamba kuwayang'anira makanda amenewa mosamala: kuyeza mutu kawirikawiri, kuona mphamvu za mikono ndi miyendo, kuyeza kapumidwe ka mwana ali m'tulo, kujambula m'khosi ndi makina a MRI, ndi kukulitsa chibowocho mwa opaleshoni pamene pafunika. Kumene izi zikuchitika, imfa zotere zatsika kwambiri. M'chaka cha 2022 akatswiri 55 ochokera m'mayiko 16 anagwirizana pa malangizo amodzi a kasamalidwe ka anthu a achondroplasia kuyambira kubadwa mpaka ukalamba.

Makina a MRI sali pa kiliniki iliyonse, koma maso ndi makutu ali m'nyumba iliyonse. Nyumba zathu zambiri za mu komboni ndi za chipinda chimodzi kapena ziwiri, ndipo khanda limagona pambali pa mayi wake. Mayiyo ndiye woyamba kudziwa. Thamangirani kuchipatala mwana akamaliza mkonono waukulu n'kumadukiza kupuma, akamatsamwa poyamwa, akamatuluka thukuta lambiri m'tulo, milomo ikamasintha mtundu, mkono kapena mwendo umodzi ukafooka kuposa unzake, kapena akasiya kuchita zimene anali atayamba kale. Chimodzimodzinso mutu ukamakula mofulumira, liwombo litatupa, mwana akusanza ndi kulira kosatonthozeka, pakuti zimenezi zikhoza kusonyeza kuti madzi achuluka m'mutu. Liwombo la ana amenewa limakhala lalikulu ndipo limachedwa kutseka. Lisapakidwe mankhwala kapena kutemedwa mphini, koma lionedwe ndi a chipatala.

Chachiwiri ndi msana. Makanda a achondroplasia amakhala ndi minofu yofewa ndi mutu wolemera, ndipo ambiri amakhala ndi kalinunda kakang'ono kumunsi kwa msana. Mwa ana ambiri kamatha kokha akayamba kuyenda. Koma Richard Pauli ndi anzake ku Wisconsin anasonyeza m'chaka cha 1997 kuti kupindika kumeneku sikukhazikika ngati makolo aleka kumukhazika mwanayo popanda chomuchirikiza kufikira atayamba kukhala yekha. Apa mwambo wathu uyenera kugonja pang'ono. Tinazolowera kukhazika khanda mu beseni kapena mu katoni, titalizinga ndi nsalu, kuti liphunzire kukhala. Mwana uyu tisamutero. Tizimugoneka chafufumimba pamphasa ali maso, ife tili pompo, kuti khosi ndi msana zilimbe. Pomunyamula, dzanja limodzi ligwire mutu ndi khosi, lina lichirikize msana. Za kubereka kumsana nazonso n'zofunika kusamala, chifukwa malangizo a madokotala amaletsa zonyamulira zofewa zimene zimalola msana kupindika ndi mutu kulendewera. Mayi afunse a mafizo kuchipatala kuti amuonetse kanyamulidwe koyenera, ndipo khandalo lisapatsidwe kwa ana anzake kuti azithamanga nalo kumsana.

Kuchedwa kukhala ndi kuyenda kusatidetse nkhawa pakokha. Ambiri amayenda atakwanitsa chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, ndipo ena asanayende amadzikoka m'njira zaozao. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu ndi makutu. Chifukwa cha kapangidwe ka mafupa a kumaso, madzi amatsakamira kuseri kwa nembanemba ya khutu, ndipo makutu amadwala kawirikawiri. Mwana wosamva bwino amachedwa kulankhula, ndipo akafika kusukulu amayesedwa mbuli pamene nzeru zake zili bwinobwino. Makutu ayezedwe chaka ndi chaka, ndipo khutu lotuluka mafinya lisasiyidwe. Miyendo ikamakula ikukhota ngati uta, ana ena amafunika opaleshoni yowongola. Pa opaleshoni iliyonse, makolo akumbutse madokotala za khosi la mwanayo asanamugoneke tulo, ndiponso kuti mankhwala ayezedwe potsata kulemera kwake, osati zaka zake.

Mankhwala atsopano

Kwa zaka zambiri njira zotalikitsa msinkhu zinali ziwiri. Yoyamba ndi ya dokotala wa ku Russia, Gavriil Ilizarov, amene anaiyambitsa ku Kurgan m'zaka za m'ma 1950: fupa limadulidwa, n'kumangidwa ndi zitsulo, n'kumakokedwa pafupifupi milimita imodzi pa tsiku pamene fupa latsopano likumera pampatapo. Imawonjezera msinkhu kwambiri, koma ndi ya miyezi yambiri, yopweteka, ndipo ili ndi ngozi zake. Yachiwiri ndi jekeseni wa mahomoni okulitsa thupi, amene amathandiza pang'ono chabe, chifukwa vuto la ana amenewa si kusowa mahomoniwo.

Gwero litadziwika m'chaka cha 1994, ofufuza anayamba kufunafuna chomasula mabuleki aja. M'chaka cha 2004 a pa yunivesite ya Kyoto ku Japan anasonyeza kuti kanthu kena kamene thupi limapanga lokha, kotchedwa CNP, kanatalikitsa mafupa a mbewa zokhala ndi vuto lomweli. Kuchokera pamenepo kampani ya BioMarin inapanga mankhwala otchedwa vosoritide.

Tione m'mene anawayesera, pakuti zitiphunzitsa kusiyanitsa mankhwala enieni ndi a pa chikwangwani. Kafukufuku wamkulu, wotsogozedwa ndi Ravi Savarirayan wa ku Melbourne, Australia, anali ndi ana 121 a zaka 5 kufika 14, m'zipatala 24 za m'mayiko 7. Anawo anagawidwa pawiri mwa maere: 60 ankalandira jekeseni wa mankhwalawo tsiku lililonse, 61 ankalandira jekeseni wofanana naye maonekedwe koma wopanda mankhwala. Makolo, ana, ngakhale madokotala owayeza, sanadziwe kuti ndani akulandira chiyani, kuopa kuti chiyembekezo chingasocheretse maso ao. Patatha masabata 52, zotsatira zinafalitsidwa m'chaka cha 2020: ana olandira mankhwala anakula masentimita 1.57 kuposa anzao pa chaka. Zovuta zimene zinaoneka kwambiri zinali kufiira kapena kutupa pobaya ndi kutsika kwa kuthamanga kwa magazi kwa kanthawi.

Mayiko a ku Ulaya anavomereza mankhwalawa mu Ogasiti 2021, dziko la America mu Novembala chaka chomwecho, ndipo mu Okutobala 2023 America inawalola ngakhale kwa ana osafika zaka zisanu. Amagwira ntchito pokhapokha malo okulira mafupa asanatsekeke, choncho munthu wamkulu sangapindule nawo. Mankhwala ena anatsatira m'mbuyo mwake. M'chaka cha 2024 kunatuluka zotsatira za navepegritide, jekeseni wa kamodzi pa sabata, amene pa ana 84 anawonjezera pafupifupi sentimita imodzi ndi theka pa chaka, ndiponso za infigratinib, mankhwala akumwa amene poyamba anapangidwira matenda a khansa.

Mafunso amene atsala

Tisatengeke msanga. Sentimita imodzi ndi theka sifika ngakhale kutalika kwa kachigawo kamodzi ka chala. Zaka zikachuluka masentimitawo amaunjikana, ndipo akhoza kuthandiza munthu kufikira chogwirira cha chitseko kapena kudzisamalira yekha kuchimbudzi. Koma mankhwalawa sachotsa achondroplasia, ndipo mwana amene akuwalandira amafunikabe kuyang'aniridwa khosi, makutu ndi msana monga tafotokozera.

Kenaka pali mtengo. Pamene vosoritide anayamba kugulitsidwa ku America m'chaka cha 2021, mtengo wake unali pafupifupi madola 320,000 pa chaka kwa mwana mmodzi, ndalama zimene pa nthawiyo zinali zoposa K5 miliyoni. Ndipo mwana amafunika kubayidwa zaka zambiri. Pa mayiko 7 aja amene anachita nawo kafukufuku wamkulu panalibe la mu Africa ngakhale limodzi. Ili ndi funso la chilungamo limene atsogoleri a zaumoyo ndi madokotala athu ayenera kulifunsa mokweza, chifukwa mwana wa ku Mtendere ali ndi jini lomwelo ndi mwana wa ku Melbourne. Tsiku lina kafukufuku wotere akadzafika kwathu, makolo adziwe kuti lamulo la dziko lino la National Health Research Act la 2013 limafuna kuti kafukufuku aliyense wa zaumoyo avomerezedwe asanayambe, ndi kuti munthu alowemo mwa kufuna kwake atafotokozeredwa bwino. Kukana si mlandu.

Pakali pano tichenjere ndi ogulitsa mapilisi, ufa ndi zitsamba zotalikitsa msinkhu, amene amamata mapepala pa makoma kapena kulengeza pa Facebook. Ngati akatswiri anatha zaka zoposa 25 kuchokera pa kupeza jini kufika pa sentimita imodzi ndi theka, botolo la pamsika silingachite zozizwitsa. Ndalama imeneyo ndi bwino ikhale ya minibasi yopitira kuchipatala.

Funso lina likuchokera kwa eni ake. Ellie Simmonds wa ku Britain anabadwa ndi achondroplasia m'chaka cha 1994, chaka chomwe jini lija linapezeka, ndipo ali ndi zaka 13 anapambana mamendulo awiri agolide pa kusambira ku Beijing mu 2008. M'chaka cha 2022 anakonza pulogalamu pa BBC yofunsa ngati mankhwala atsopanowa akubwera kudzachepetsa zowawa kapena kudzachotsa anthu onga iye pa dziko. Anthu ambiri aafupi amanena kuti chimene chimawapweteka kwambiri si msinkhu, koma kusekedwa, kulozedwa chala ndi kumanidwa ntchito. Makolo ena amayankha kuti chilichonse chopeputsa moyo wa mwana wao n'cholandirika. Mbali zonse ziwiri n'zoyenera kuzimvetsera, ndipo mwanayo akafika pozindikira, naye afunsidwe maganizo ake.

Kumene tingapite mu Lusaka

Ulendo umayambira pa kiliniki ya pafupi, kumene makolo apemphe kalata yowatumiza kwa dokotala wa ana. Ku University Teaching Hospital kuli chipatala cha ana, ndiponso madokotala a mafupa ndi a opaleshoni ya ubongo. Chipatala cha Beit CURE, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 2006 m'mbali mwa msewu wa Great North, chimathandiza ana a mavuto a mafupa ndi a makutu, mphuno ndi kukhosi. Palinso chipatala cha mafupa cha St. John Paul II, chimene kale chinkatchedwa Zambian Italian Orthopaedic Hospital, choyendetsedwa ndi masisitere a Chifransisko. Popita, tengani kadi ya kusikelo ndi zithunzi zonse za X-ray, ndipo bambo apite nawo kuti akamve yekha kuchokera pakamwa pa dokotala. Ngati n'kotheka ambuya a mwanayo apitenso. Safunsa anadya phula: funsani za khosi, za kapumidwe, za makutu ndi za tsiku lobweranso.

Lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012 limaletsa kusala munthu chifukwa cha chilema pa maphunziro, pa ntchito ndi pa chithandizo cha kuchipatala, ndipo bungwe la Zambia Agency for Persons with Disabilities limalembetsa anthu otere. Sukulu ilibe chifukwa chobwezera mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kuti akuoneka wamng'ono. Muyeso wakale uja wouza mwana kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali ina, mwana uyu sangaukwanitse ngakhale atakhala ndi ndevu. Alembedwe potsata zaka zake.

Pakhomo ndi pasukulu

Zambiri zimene mwana uyu amasowa zikhoza kupangidwa konkuno. Tikayenda mu msewu wa Katima Mulilo timaona amisiri a ku Garden akuwotcherera mageti, mafelemu a mawindo ndi zitseko kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Manja omwewo akhoza kupanga kachitsulo kopondapo pofikira pa mpopi, pa bedi kapena pa bolodi ya m'kalasi. Kalipentala akhoza kukhoma kabokosi koikapo mapazi pansi pa desiki kuti miyendo isalendewere ndi kuchita dzanzi, ndi kathabwa kotsamira kumsana. Chingwe chomangirira pa loko chimathandiza mwana kutsegula yekha chitseko. Chimbudzi chokumba chikhale ndi bowo laling'ono ndi pogwira, ndipo nthawi ya mvula, pamene ngalande za mu komboni zasefukira, tikumbukire kuti madzi ofika m'mawondo mwa mnzake iye amufika m'chiuno. Telala wa pamsika afupikitse yunifomu kuti mwana avale za msinkhu wa zaka zake, osati za khanda.

Chovuta kuposa zonsezi ndi lilime lathu. Tisamamunyamule mwana wa zaka khumi ngati chidole, tisamamujambule pa foni popanda chilolezo, tisamamuitane ndi mayina achipongwe. Ali ndi dzina lake. Apatsidwe ntchito zapakhomo ngati abale ake, adzudzulidwe akalakwa, atumidwe kumsika, aimbe mu kwaya. Ku Egypt wakale, zaka zoposa 4,000 zapitazo, munthu wina wamfupi dzina lake Seneb anali nduna yolemekezeka ya kunyumba ya mfumu, ndipo chosema chake, atakhala pambali pa mkazi wake ndi ana ao awiri, chikusungidwa ku Cairo. Michael Ain, amene sukulu zambiri za udokotala zinamukana, anadzakhala dokotala wa opaleshoni ya mafupa a ana pa chipatala chotchuka cha Johns Hopkins ku America. Lauritta Onye wa ku Nigeria anaponya chitsulo mamita 8.40 ku Rio de Janeiro mu 2016, natenga mendulo yagolide.

Makolo athu ankasimba za Akafula, anthu aafupi amene anawapeza m'dziko muno, amene pokumana ndi mlendo ankafunsa kuti, "Mwandionera pati?" Woyankha kuti wawaonera patali ankapita mu mtendere, pakuti wavomereza kuti nawonso ndi anthu ooneka. Akafula anali mtundu wa anthu paokha, ndipo ufupi wao sunali achondroplasia, koma funso lao ndi lomwe mwana wa pa mzere wa kusikelo uja adzatifunsa akadzakula.

Tsono ngati m'dera lanu muli mayi wonga uja tayamba naye, musadikire kuti mankhwala a kutsidya kwa nyanja atsike mtengo. Mukachezereni sabata ino. Muwerengereni nkhaniyi pamodzi ndi amuna ake ndi apongozi ake, mufunseni m'mene mwana amapumira usiku, ndipo ngati ya minibasi yasowa, sonkhani. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.